Zilembo Makumi Atatu ndi Ziwiri

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pakhonde, iwe uli kumsika wa Maramba ndi azakhali ako a Esinati kukagula bulangete ndi ndowa. Azakhali ako ndimawadziwa, sabwerera asanakangane ndi wogulitsa aliyense, choncho nthawi ndili nayo. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Kitwe kukaphunzira ntchito ya makompyuta, ntchito imene ine ndinaiphunzira mobera, posuzumira zimene amayi ako ankachita. Kalatayi ndiyika pansi pa zovala m'sutikesi, pamodzi ndi pepala lina lopinda. Pepalalo usalitsegule usanamalize kuwerenga. Pali chinthu chimene ndakubisira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindikudziwa ngati udzandilankhulanso ukachimva. Ndiyambira patali, chifukwa ndine wamantha, komanso chifukwa sungachimvetse usanadziwe mmene makinawa amagwirira ntchito mkati mwake.

Paloji ya alendo ija ya kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya ndinalowa ntchito ngati wokoka mawaya basi. Amayi ako, Inonge, ndiwo ankayang'anira seva, kompyuta yaikulu imene imasunga zonse za paloji, m'kachipinda kozizira kuseri kwa risepishoni. Tsiku lina ndinawafunsa kuti zilembo zobiriwira zimene ankangoziyang'ana pasikirini zinali chiyani. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anandikokera mpando.

"Ba Tembo, pulogalamu ni pepala chabe, yagona pa disiki," anatero. "Ikauka na kuyamba kusebenza, ni pulosesi. Iyo ili na nambala yake, na mwine wake, na vintu vamene yagwila. Lembani ps muone."

Ndinalemba ps, ndipo panatsika mndandanda wa zonse zimene zinali kuyenda m'makinamo, chilichonse ndi nambala yake, dzina la amene anachiyambitsa ndi tsiku limene chinayamba. Anandiuzanso kuti pulosesi payokha siingakhudze disiki kapena kutumiza kanthu panja. Imachita kupempha kwa kenelo, mwini nyumba wa makina onse, monga mlendo wapaloji amene saloledwa kulowa m'khitchini koma amaitanitsa pazenera. Pempho limenelo ndilo a ntchito yathu amalitcha system call. Open ndi kupempha kuti akutsegulire fayilo, read kuti akuwerengere, write kuti akulembere, close kuti watha nayo. Aphunzitsi ako akakuuza zambiri zokometsera, koma Tiya, ukadzasokonezeka udzabwerere pamenepa. Pulosesi iliyonse ili ndi zimene yapempha ndi zimene yagwira, ndipo zonsezo munthu angathe kuziona ngati wafatsa.

Cholakwa changa choyamba chinali kusamvera yankho. Nditayamba kudzimva kuti ndadziwa, ndinalemba kapulogalamu kolemba mayina a alendo okatengedwa kubwalo la ndege. Kankaitana write n'kupitirira, osafunsa ngati kenelo yavomera. Tsiku lina disiki inadzaza. Kenelo inayankha kuti malo atha, koma kapulogalamu kanga kanalibe makutu, ndipo alendo asanu ndi mmodzi anakhala padzuwa maola awiri akudikira galimoto. Amayi ako anandiseka sabata yathunthu. Akandipatsa chakudya ankafunsa kuti, "Ba Tembo, yafika mbale olo disiki yazula?" Iwe uzimvera yankho la pempho lililonse, ngakhale limene wapempha kambirimbiri osakanidwa.

Chachiwiri chinandichititsa nthumanzi. Ndinaphunzira fork, pempho limene pulosesi imadzigawa nalo kukhala ziwiri kuti inzakeyo ikagwire ntchito ina. Sindinadziwe kuti yoyambayo iyenera kuitana wait, kulandira lipoti la inzakeyo ikamaliza. Patapita masiku, seva inakana kuyambitsa china chilichonse. Nditalemba ps ndinapeza mizere yambirimbiri ya mapulosesi amene anatha kale ntchito, osadya kanthu, osachita kanthu, koma mayina awo ali ndondondo pamndandanda. Ndinayesa kuwapha ndi lamulo la kill, sanasunthe. Amayi ako anati, "Simungapaye chamene chinafa kudala. Aya ni mazombi. Yayembekeza chabe muntu ayafunse kuti yanasiliza bwanji." Anakonza ndi mzere umodzi. Ine ndinatuluka panja kukaima padzuwa, ndipo ndikuvomera kuti kuyambira pamenepo sindinkakonda kukhala ndekha m'kachipindako.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Amayi ako atagonekedwa kuchipatala komaliza, iwe uli ndi zaka khumi ndi chimodzi, anandiuza zinthu ziwiri. Anati, "Foni yanga mukapase Tiya." Anatinso, "Seva ija musaizime, olo bakuuzeni bwanji." Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikudandaula kuti munthu akufa koma maganizo ali kuntchito. Iwenso anakuuza kanthu, ndipo ndikudziwa kuti sunaiwale. Anakugwira dzanja nati, "Nakulembela vintu, vizakupeza." Tinawaika m'mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa.

Foni ija sindinakupatse. Ndinaiyika m'dilowa ya kuchipinda kwanga, ndipo ndinkaitchaja masiku onse chifukwa mtima sunandilole kuiona itazima. Kuntchito anandipatsa mpando wa amayi ako. Patapita milungu ingapo, a manija athu, Ba Moono, anandiitana nati, "Ba Tembo, sori maningi, koma akaunti ya ba Inonge ifunika kuvala. Ni lamulo ya kampani." Ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinatseka akauntiyo, ndipo foda yawo yonse ndinaifufuta ndi lamulo la rm osatsegula ngakhale fayilo imodzi. Ndinkaopa kuona kalembedwe kawo. Ndinadziuza kuti za ntchito zonse zili kwina, ndipo zinalidi kwina. Tiya, usadzafufute chinthu chimene sunachitsegule, makamaka pamene chikukuwawa kuchiyang'ana. Tsiku limenelo sindinalembe ps.

Tsiku limene unakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, mu Epulo, linali Loweruka. Madzi a pamathithi anali atachuluka, mkokomo wake ukumveka mpaka kuno ku Libuyu mphepo ikatembenuka. Iwe unali panja kusewera. Ine ndinali kusita shati kuchipinda pamene dilowa inanjenjemera. Inali folo koloko ndendende. Ndinatsegula, ndipo pafoni ya amayi ako panali meseji yochokera kunambala ya paloji. Inati, "Tiya, lelo wakwanisa 12. Uza batate bako bakugulile nsapato, keke ni ya siku imozi chabe." Keke inali patebulo. Nsapato zako za kusukulu zinali pakhomo, yakumanzere itayasama kutsogolo. Ndinakhala pansi pomwepo, simbi ikupsereza shati. Kenako ndinafufuta mesejiyo. Lolemba ndinakugulira nsapato, ndipo unandithokoza ine.

Kuntchito ndinafunsa mochenjera ngati pali amene anagwira foni ya paloji Loweruka. Panalibe. Sindinauze munthu, ngakhale abusa, ngakhale azakhali ako, chifukwa ndinkadziwa kuti akangomva a Esinati, m'nyumba muno mudzaza anthu opemphera ndipo iwe udzagona ukumva kuti amayi ako sanapume. Yachiwiri inabwera tsiku lotsegulira sukulu, folo koloko yomweyo. Inati, "Tiya, usankale kumbuyo mu kilasi. Menso yako ni yanga." Sabata yomweyo aphunzitsi ako anali atandilembera kuti umatsinzina poyang'ana pabolodi. Yachitatu inabwera kumayambiriro a Juni. Inati, "Tiya, lelo ni siku yanga yobadwa. Usalile, imba chabe." Zonse zitatu ndinazifufuta, koma ndakulembera pano monga zinalili, chifukwa palibe tsiku limene sindinazibwereze mumtima. Zinali zako, ndipo ndinakubera.

Ukhoza kufunsa kuti munthu wa makompyuta angaope bwanji meseji. Mwana wanga, ine ndinafufuta foda ija ndi zala zanga. Ndinayang'ana m'seva monse, fayilo ya mauthenga panalibe, pulogalamu yotumiza panalibe. Mutu unkandiuza kuti pali chifukwa, koma folo koloko ikamayandikira ndinkadzipeza ndikuyang'ana wotchi ya pa risepishoni, alendo akundilankhula ine osamva.

Tsiku lotsatira meseji yachitatu ndinalimba mtima. Cha m'ma hafu pasiti fili ndinalowa m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Munkangomveka mafani a seva, ndi zenera laling'ono la m'mwamba limene limanjenjemera lokha madzi akachuluka. Ndinalemba ps. Pafupi ndi pansi pa mndandanda panali mzere umodzi wokhala ndi dzina loti inonge. Tsiku loyambira linali la mu Januwale, dzulo lake la tsiku limene ndinawaperekeza kuchipatala. Sinali zombi ayi. Inali yamoyo, itangogona, ikudikira nthawi yake. Mabatire a sola a paloji anali asanailole kuzima ngakhale kamodzi, magetsi a m'tauni akuthimathima miyezi yonseyo.

Amayi ako anandiphunzitsa chida chotchedwa strace, chimene chimakuonetsa pempho lililonse limene pulosesi ikupereka kwa kenelo. Anandizoloweretsanso kuti zotuluka zake ndizisunga m'fayilo, ndipo zala zanga zinachita zimenezo zokha. Ndinachilumikiza kunambala ya pulosesiyo. Kwa mphindi makumi awiri panalibe kanthu. Ndinangokhala, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Wotchi itafika folo koloko, sikirini inayamba kuyenda. Read, read, read, mzere pansi pa mzere, ndipo uliwonse unkayamba ndi dzina lako. Tiya. Tiya. Tiya. Inali kuwerenga kuchokera m'fayilo imene ndinaifufuta miyezi itatu yapitayo. Inawerenga mizere makumi anayi ndi umodzi, sinapeze wa tsikulo woti itumize kufoni ija, ndipo inagonanso.

Sindinaganize, mwana wanga. Sindinawerenge n'komwe. Ndinangoona dzina lako likuitanidwa kambirimbiri ndi munthu amene ndinamuponyera dothi, ndipo mantha anandigwira kuti akukuitanira kumene ali. Ndinalemba kill, ndi nayini yemwe salola pulosesi kutsanzika, ndi nambala yake. Nditalembanso ps, dzina la amayi ako linali litachoka. M'chipindamo munali chimodzimodzi, mafani akulira, zenera likunjenjemera. Ndinatuluka ndikudzimva ngati munthu amene wateteza mwana wake.

Patapita miyezi iwiri kunabwera katswiri wina wochokera ku Lusaka kudzaika makina atsopano, bambo wachikulire dzina lake Ba Lubinda. Tikudya masana ndinamufotokozera nkhaniyi ngati yochitikira mnzanga wa paloji ina. Anaseka pang'ono nati, "Iyo si mizimu, boyi. Rm ichosa chabe zina ya fayilo. Ngati pali pulosesi yamene inaisegula, kenelo isunga vonse vili mukati mpaka pulosesi ija ivale olo ife." Anati pulosesi ikatsegula fayilo, kenelo imaipatsa kanambala kogwirira, ndipo malinga ngati kanambalako kali m'manja mwake, fayiloyo ilipo yathunthu ngakhale dzina lake litafufutidwa. Anatenga bolopeni n'kulemba pakapepala kopukutira m'manja njira yolowera m'foda ya proc, pamene kenelo imaonetsa zonse zimene pulosesi iliyonse yagwira. "Munzanu sembe anakopa chabe apa," anatero. "Laini imozi. Manje anachita bwanji?" Ndinati anaipha. Anapukusa mutu nati, "Ah, ninshi yaenda." Anapitiriza kudya nkhuku yake.

Ndinayesa zonse zimene munthu angayese. Disiki ija inali yotanganidwa usana wonse ndi za alendo, ndipo pamalo pamene panali mawu a amayi ako panali patalembedwa kale zina. Ndipamene ndinakumbukira fayilo ya strace ija. Ndinaitsegula ndikuganiza kuti Mulungu wandichitira chifundo. Mizere yonse makumi anayi ndi umodzi inalimo. Koma strace, ukapanda kuiuza kuti ionetse zambiri, imangoonetsa zilembo makumi atatu ndi ziwiri zoyambirira za chimene chawerengedwa, n'kuika timadontho titatu. Kuiuza kwake ndi kachilembo kamodzi ka s ndi nambala. Sindinkadziwa. Amayi ako analemba tsiku lotumizira kumapeto kwa uthenga uliwonse, choncho ngakhale masikuwo sindikuwadziwa.

Ndiye mvera, Tiya, chifukwa pa zonse zimene ndingakuphunzitse ichi chokha ndinachigula modula. Ukapeza pulosesi imene sukuidziwa, usathamangire kuipha. Yamba wafunsa kuti ndi ya yani, inayamba liti, ndipo yagwira chiyani. Kopa zimene yagwirazo. Kupha kulipo nthawi zonse, sikuthawa. Ukaona kuti mtima ukugunda ndipo zala zikufuna kulemba zokha, chotsa manja pakiyibodi, tuluka panja, itana munthu wina adzaone nawe. Ine ndikanaitana ngakhale Ba Moono amene sadziwa kusiyana kwa seva ndi firiji, akanawerenga mzere umodzi mokweza, ndipo ndikanamva kuti ndi mayi akulankhula ndi mwana wake basi.

Cholakwa chotsiriza si cha makina. Unandifunsa koyamba uli mu giredi seveni kuti zinthu zimene amayi anakulembera zili kuti. Ndinakuuza kuti ankalankhula chifukwa cha mankhwala, kuti masiku omalizawo mutu sunkagwira bwino. Unandifunsanso utakhoza giredi naini, ndiponso chaka chatha tikuchokera kumanda, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Ndinaona nkhope yako ikuphunzira kusafunsa. Amayi ako mutu unkagwira kuposa wa aliyense m'chipatala muja. Anakhala m'kachipinda kozizira kaja akudwala, akukulembera zaka zimene sadzaziona, ndipo ine ndinakusiya ukhulupirire kuti ankabwebweta. Manyazi a zimenezi amandiposa mphamvu. Ndalakwira iwe, ndalakwiranso iwo.

Pepala lopindalo ndi mizere ija, yonse, monga inatulukira. Ena ndi oseketsa ngakhale ali oduka. Ena sindinathe kuwayang'ana kawiri. Pali wakuti, "Tiya, ukayamba kusamba usayope b" ndipo nthawi imeneyo itafika unalira wekha m'bafa, ine ndili pabalaza ndikudziwa kuti amayi ako anali atakonzeratu mawu. Pali wakuti, "Tiya, batate bako bakakwatila fu" ndipo mwina tsopano wamvetsa chifukwa chake sindinakwatirenso, popeza sindikudziwa ngati anavomereza kapena anakuuza kuti undithire madzi otentha. Pali wakuti, "Tiya, mu chitenje changa chobili" ndipo chitenje chobiriwiracho chinapita ku Mongu ndi abale awo pogawa zovala, ndiye chimene anasokeramo kapena kubisamo sindichidziwa mpaka lero. Iwe ungathe kukafunsa. Kwa iwe adzayankha.

Foni yawo ndaikulunga m'sokosi pakona ya sutikesi, ndi chaja yake. Yachedwa zaka zisanu ndi ziwiri. Siidzaliranso folo koloko, koma ndikuuze zoona, masiku ena nthawiyo ikakwana ndimaima pakhomo la kuchipinda n'kumvetsera.

Ndikumva mawu a azakhali ako kumsewu, akukalipira woyendetsa minibasi, choncho ndimalize. Pamzere wa makumi atatu ndi chisanu ndi chitatu ndaika chizindikiro cha bolopeni yofiira. Umenewo ndi wa mawa. Umati, "Tiya, siku yochoka pa nyumba usa" ndipo pamenepo ndi pamene ndinawadula pakamwa. Ndakhala zaka zonsezi ndikuyesa kuumaliza. Usaiwale kupemphera, usakhulupirire anyamata, usasiye magalasi ako, usayang'ane kumbuyo. Palibe chimene chimamveka ngati iwo. Malangizo onse amene ndakulembera pamwambapa ndi anga, a munthu wokoka mawaya, ndipo ndikanawapereka onse kuti ndikubwezere theka la mzere umenewo. Iwe unawadziwa mwa njira imene ine sindinawadziwe. Mwina ukauwerenga udzamva mmene umathera.

Basi yako ifika ku Kitwe kutada, ndipo sutikesi udzaitsegula mwina mkuja. Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ukafuna kukhala chete mwezi, kapena chaka, fizi ya sukulu idzafika pa nthawi yake ndipo sindidzakutumizira azakhali ako. Koma kuyambira mkuja, folo koloko iliyonse, foni yanga idzakhala patebulo pano, yotchaja, ndipo ine ndidzakhala pambali pake.

Ndine atate ako,
amene anapha asanafunse.